Masabata Awiri ku Iten: Fumbi M'mano, Mbale M'manja

Lamlungu, 2 Febuluwale 2025

Ndafika. Ndege yochokera ku London yatera ku Nairobi m'mawa, ndakwera ina yaing'ono mpaka ku Eldoret, kenako minibasi, imene kuno amati matatu, makilomita pafupifupi 35 kukwera mtunda. Polowa m'tauni ya Iten pali chipata chachikulu chodutsa pamwamba pa msewu, cholengeza kuti kuno ndi kwawo kwa akatswiri. Kondakitala atayang'ana nsapato zanga zatsopano, kenako mimba yanga, wangomwetulira osanena kanthu.

Kwa amene simukudziwa chimene ndadzera: patsala masabata 12 ndendende kuti ndithamange marathoni ya ku London pa 27 Epulo. Ndikufuna kutsiriza makilomita 42.195 maola atatu asanakwane, kutanthauza mphindi 4 ndi masekondi 15 pa kilomita iliyonse, osapumira. Nthawi yanga yabwino mpaka lero ndi maola 3 ndi mphindi 11. Mphindi 11 zimamveka zochepa ukakhala pampando.

Malo mu mpikisanowu sindinawapeze mwa mwayi. Anthu oposa 840,000 analembetsa mayere a chaka chino, ndipo ine mayerewo andikana katatu konse. Ndalowera khomo la mabungwe othandiza anthu: bungwe limakupatsa nambala, iwe n'kulonjeza kulipezera ndalama. Langa limathandiza pa ntchito yoyeza amayi khansa ya khomo la chiberekero kwathu ku Malawi, matenda amene anatenga amayi anga mu 2019. Ndinalonjeza £2,500. Tsamba langa losonkhetsera ndalama pa intaneti, la JustGiving, usiku uno likuonetsa £640.

Ndili m'minibasi muja, achemwali anga ku Dedza anditumizira mawu pa WhatsApp. Amene aja anandilera, ndiye sazungulira: “Iwe, ndamva kuti uli ku Kenya. Ndalama za ndegezo ukanangopereka ku bungwe lakolo, si bwenzi kupemphetsaku utamaliza kale? Komanso uzikumbukira, kuthamanga si kufika.”

Ndawamvera kawiri. Sindinayankhe.

Lolemba, 3 Febuluwale

Kuno mlendo wa miyendo yolemera ngati ine amalemba ganyu mnyamata womutsogolera, n'kumamulipira pa ulendo uliwonse. Wanga wagogoda 6 koloko, kunja kudakali mdima, kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza. Ndi wowonda ngati bango, wa zaka 26, salankhulalankhula. Chingerezi chake ndi Chiswahili changa chothyokathyoka zikukumana pakati.

Tayamba pang'onopang'ono mpaka ndinachita manyazi. Mumtima ndimati, kodi ndawolokera nyanja kudzayenda ndawala? Iye amangoti “pole pole”, kutanthauza pang'onopang'ono. Pa kilomita yachitatu, pa kachitunda kosati n'kutchula komwe, ndamvetsa. Chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi linya, mtima ukugunda m'makutu, ine wefuwefu. Ana a sukulu atatu, zikwama kumsana, atipitirira akucheza.

Poti ndine namwino, ndabwera ndi kachipangizo kopanira chala koyezera mpweya m'magazi. Ku Leicester, kumene ndimakhala ku England, kamandipatsa 98, lero kandipatsa 92. Wodwala wanga atandipatsa nambala imeneyo ndingayambe kumuyang'anitsitsa. Iten ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400. Boma la Dedza, limene ife timati n'kumwamba, lili cha m'ma 1,600. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala, moti ukakoka kamodzi umalandira okosijeni wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Impso zikaona njala imeneyi zimatulutsa homoni wambiri wotchedwa EPO, amene amauza mafuta a m'mafupa kuti achulukitse maselo ofiira a magazi. Ukatsikira ku London, magazi amanyamula mpweya wochuluka. Odziwa amati pamafunika masabata atatu kapena anayi kuti zimenezi zigwire bwino. Ine kuntchito andipatsa awiri. Walira mvula walira matope.

Makilomita 10, mphindi 58. Ndagona masana onse.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mutu ukuwawa, tulo ta usiku tinali todukaduka. Ndangothamanga pang'ono madzulo. Pa tsamba palowa £10 yokha, yochokera kwa munthu amene sanalembe dzina. Zikomo, kaya ndinu ndani.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lero ndiye ndaona chimene anthu amadzera ku Iten.

Lachinayi lililonse, cha m'ma 9 koloko, othamanga amasonkhana pa mphambano ina kunja kwa tauni kudzachita fartlek, kuthamanga kosinthanitsa liwiro ndi kufatsa. Liwuli ndi la ku Sweden, koma mwambowu eni ake ndi a kuno. Palibe kalembera, palibe cholipira, palibe wofunsa kuti ndiwe yani. Tinalipo mwina 200. Ena atulukira m'minda ya chimanga, ena atsika pa kabaza wa njinga yamoto. M'gulumo munali anthu amene nkhope zawo ndinaziona pa TV, ataima phewa ndi phewa ndi anyamata ovala nsapato zong'ambika kuchala.

Mmodzi wakwera pa kachulu n'kulengeza za lero: mphindi imodzi liwiro, mphindi imodzi pang'onopang'ono, maulendo 25. Basi. Mawotchi onse alira limodzi, ndipo gulu lonse ladzambatuka, liwiro la mtondo wadooka. Sindinamvepo phokoso lotere: palibe wolankhula, ndi mapazi okhaokha mazanamazana pa dothi lofiira, ngati mvula ya matalala ikubwera patali pa malata. Fumbi linangoti koboo. Mwezi uno kuno n'chilimwe, ndiye wotsalira m'mbuyo amadya fumbi la onse.

Ndalimbana nawo maulendo atatu. Pa chinayi anandisiya ngati ndaima. Chinandipweteka kwambiri si liwiro lawo ayi, koma kuti mphindi yawo yopumira ija ndi liwiro limene ine ndikufuna kuthamanga ku London. Ndatsala ndi kagulu ka kumchira: azungu awiri, mtsikana wina amene akuchira bondo, ndi bambo wachikulire amene amangoseka nthawi yonse. Ndafika pa 18 n'kuima, manja m'mawondo, malovu ofiira ndi fumbi.

Pobwerera tinayenda wapansi, ndipo mnyamata wanga uja anamasuka. Amakhala m'kachipinda ka lendi ndi anzake awiri. Kumudzi ali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka ndi kamunda ka chimanga. Theka la marathoni amalithamanga mphindi 63, nthawi imene ku Leicester angamuike pa nyuzipepala, koma kuno akuti anthu otere ndi osawerengeka, ndipo palibe maneja wakunja amene wamuyang'anapo. Wopambana ku London amalandira $55,000, osawerengera za mabonasi. Anthu 200 aja onse akuthamangira khomo limenelo, ndipo ambiri a iwo sadzakwera ndi ndege yomwe. Ndalama imene ndimamupatsa ine m'mawa uliwonse ndi imene ikulipira lendi mwezi uno.

Ndinakhala chete njira yotsalayo. Wotchi ya pamkono panga ingamulipirire nyumba miyezi ingapo.

Loweruka, 8 Febuluwale

Za chakudya, poti ambiri mwafunsa. Ugali ndi nsima, koma yolimba, ya mgaiwa, yoti ukaponyera galu akhoza kukomoka. Amaidula ndi mpeni. Ndiwo ndi sukuma wiki, amene ali ngati repu wathu, nyemba, ndi managu, amene ndinangoti ndalawa n'kuzindikira kuti ndi mnadzi. Tiyi wamkaka wothira shuga wambiri amamwedwa tsiku lonse. Mayi amene amatiphikira anandipatsanso mursik, chambiko cha Akalenjin, mtundu wa anthu a kuno, chimene amasungira m'chipanda chopakidwa makala m'kati. Chimanunkhira utsi. Kapu yoyamba ndinamwa mwaulemu, yachiwiri ndinapempha ndekha. Othamanga a kuno akabwera ndi mendulo, abale amakawalandira ku bwalo la ndege ndi chipanda chimenechi.

Tili pa tiyi, mnyamata uja anandifunsa kuti ku London ndikachita bwino adzandipatsa zingati. Ndinati palibe, ndidzafika pafupifupi ola lathunthu opambana atamaliza, ndipo ine ndi amene ndiyenera kupeza £2,500 kuti ndithamange. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutanthauzira mayi aja m'Chikalenjin. Onse awiri anaseka mpaka misozi.

Nditafotokoza za amayi anga ndi za kuyeza khansa, mayi aja anasiya kuseka. Anati, “Aa, ndiye ndi harambee imeneyo.” Harambee ndi msonkhesonkhe wa Akenya, liwu limene lili ngakhale pa chizindikiro cha dziko lawo, amamangira masukulu, kulipirira odwala, kutumizira ana ku koleji. Kenako anandifunsa mafunso ngati wapolisi. Mlendo wolemekezeka ndi ndani? Tsiku lake ndi liti? Kukhala chakudya? Nditawaonetsa tsamba la pa foni, anapukusa mutu. Akuti munthu sapereka ndalama kwa foni ali yekha m'chipinda. Amapereka dzina lake likatchulidwa, anzake akumuona.

Ndinachita manyazi, chifukwa zimenezi ndinakulira momwemo. Pepa Sande ya kumpingo ndi chiyani? Perekaniperekani wa paukwati ndi chiyani? Ine miyezi itatu ndakhala ndikuponya linki m'magulu a WhatsApp ngati mzungu, n'kumadabwa kuti Amalawi anzanga akungotumiza timanja topemphera.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Lamlungu Iten sathamanga. Misewu imene dzulo inali ya anthu a makabudula lero yadzaza masuti ndi madiresi a kutchalitchi. Ndayenda wapansi mpaka kumphepete kwa phompho, kumene dziko limangoduka n'kugwera m'chigwa cha Kerio, mamita pafupifupi 1,000 pansi. Azungu ena amaulukira m'menemo ndi maparachuti. Aliyense ndi misala yake.

Pobwerera ndadutsa pa St Patrick's High School. Kuno ndi kumene Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anafika mu 1976 kudzaphunzitsa jogirafe, asakudziwa chilichonse cha masewera othamanga, n'kukhazikika mpaka kusula akatswiri ambirimbiri. Mmodzi wa iwo ndi David Rudisha, amene anathamanga mamita 800 pa 1:40.91 ku London mu 2012. Pabwalo la sukuluyi amabzala mtengo polemekeza katswiri aliyense wotuluka m'manja mwawo. Ndi sukulu wamba kuiona, ngati za mishoni za kwathu.

Madzulo ndagwira ntchito imene ndimadana nayo kuposa chitunda chilichonse: kupempha. Ndalemba mauthenga 30, aliyense wakewake, dzina ndi dzina. Kupempha kumandivula. Munthu amene unamuthandiza kusamuka nyumba amawerenga uthenga, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, kenako zii. Pamene mayi woyeretsa m'wodi mwathu, amene malipiro ake ndikuwadziwa, anaponya £20 tsiku loyamba lomwe. Ndaphunziranso kukumbutsa onse okhoma msonkho ku UK kuti azichonga kabokosi ka Gift Aid, chifukwa pa £1 iliyonse boma limawonjezera 25p, wopereka osataya kanthu. Amalawi ambiri amakadumpha poopa kuti ndi msampha wa a msonkho.

Mu uthenga uliwonse ndalemba chimene ndalamazo zimachita, chifukwa ndaona kuti liwu loti khansa limangowopsa anthu osawauza kanthu. Kuyezako n'kosavuta modabwitsa. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene payamba kuwonongeka pamayera. Akapeza msanga, amawotcha pamalopo ndi kachipangizo ka m'manja tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi kwambiri padziko lonse. Katemera wa atsikana woteteza ku HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, chaka chomwe tinaika amayi m'manda. Iwo sanayezedwepo. Ankati ndi msambo wosokonekera wa ukalamba, ndipo ine, namwino wathunthu, ndinali kutali ndikusamala amayi a eni.

Ndaimbiranso mkulu wa mpingo wathu ku Leicester. Holo tapatsidwa Loweruka lina mu Malichi. Kukhala nsima, nkhuku, DJ, ndi lichero pakati.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Lachiwiri ndi la pabwalo. Tatsikira ku Tambach, m'munsi pang'ono mwa phompho, pa bwalo la dothi. Magulumagulu amazungulira mondondozana ngati sitima, wotsogolera akusinthana. Lamulo ndi limodzi: ukamva mapazi kumbuyo, patuka.

Lero patha chaka chimodzi chimwalirireni Kelvin Kiptum pa ngozi ya galimoto cha ku Kaptagat, pamodzi ndi mphunzitsi wake Gervais Hakizimana wa ku Rwanda. Anali ndi zaka 24, mwana wa dera lomweli la Elgeyo-Marakwet. Anathamanga marathoni zitatu zokha pa moyo wake ndipo zonse anapambana: Valencia mu 2022 pa 2:01:53, London mu 2023 pa 2:01:25, ndi Chicago chaka chomwecho pa 2:00:35, kuphwanya rekodi ya dziko lonse ya 2:01:09 imene Eliud Kipchoge anaika ku Berlin. Mnyamata wanga anangotchula dzinalo kamodzi pomanga zingwe za nsapato, n'kuloza chakumwera ndi chibwano.

Ine ndachita mamita 1,000 maulendo 8, uliwonse pa 3:52, kupumira mphindi ziwiri pakati. Ulendo womaliza ndinaona nyenyezi masana. Kiptum ku Chicago ankathamanga kilomita iliyonse cha pa 2:51, maulendo 42 otsatizana, popanda kupumira. Manambala amenewa ndinkawadziwa kale pa pepala. Lero ndawamva m'ntchafu.

Kachipangizo kanga kafika pa 95. Tsamba lafika pa £985. Mauthenga a Lamlungu aja abala.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Fartlek yandidutsa. Katumba wa mwendo wamanzere wadzuka atauma gwa, ndipo mnyamata wanga wakana kunditenga ngakhale ndinati ndimulipira. Wanditengera kwa bambo wina wotikita minofu, m'kachipinda ka bedi limodzi kuseri kwa sitolo. Zala zake ndi zitsulo. Ndinakuwa m'Chichewa, iye n'kumayankha m'Chikalenjin, ndipo tinamvana bwinobwino.

Wandiuza kuti vuto la alendo ndi lakuti sitidziwa kukhala. Akatswiri a kuno akathamanga m'mawa amadya, n'kugona, n'kukhala pakhonde kuyang'ana msewu mpaka nthawi yothamanganso. Ife timathamanga kenako n'kumazungulira m'tauni ndi kamera. Ndamvera. Tsiku lonse ndakhala pakhonde ngati nkhalamba, kuwerenga mbuzi.

Nditakhala choncho ndinaganiza za mashifiti a usiku amene akundidikira. Kumeneko makilomita 100 pa sabata ndimawapanikiza pakati pa maola 12 oimirira m'wodi ndi kukatenga ana kusukulu. Tulo ta masana tokhati, nditati ndipite nato ku England, mwina tingandichotsere mphindi zambiri kuposa magazi atsopanowa.

Loweruka, 15 Febuluwale

Tsiku limene ndinadzera. Tanyamuka 5 koloko pa matatu ya hayala, anthu 12, kupita ku msewu wa ku Moiben, kumene othamanga amakonda kuchitira maulendo aatali chifukwa ndi kosakwera kwambiri. Minda ya tirigu ndi chimanga mbali zonse, yokololedwa kale. Galimoto imatsatira pambuyo, ndipo pa makilomita asanu alionse dzanja limatuluka pawindo ndi botolo lako.

Pulani inali makilomita 32: oyamba 20 mofatsa, otsala 12 pa 4:25, imene kumtunda kuno ndikuiwerengera ngati liwiro langa la ku London. Katumba anakhala chete. Pa 20 mnyamata uja anangotembenuka n'kukweza nsidze, tinayamba. Makilomita asanu oyamba anali okoma moti ndinayamba kudziona ndikuwoloka Tower Bridge, anthu akukuwa dzina langa. Pa 27 dzuwa linali litakwera, miyendo inasanduka mitondo. Pa 29 wotchi inati 4:41.

Anthu amakonda kunena kuti zikafika povuta amakumbukira amene akuwathamangira, mphamvu n'kubwera. Ine ndinayesa. Ndinaitana nkhope ya amayi, koma miyendo sinamve. Chimene chinandikoka ndi zidendene za mnyamata uja. Anabwerera pang'ono, n'kudziika patsogolo panga penipeni, n'kumenya ntchafu yake kawiri kuti ndiyang'ane pamenepo basi. Ndinaleka kuyang'ana wotchi. Kilomita ya 31 inali 4:27, yomaliza 4:19.

Ndinasanza m'mbali mwa msewu, dalaivala akundiwombera m'manja. Pa makilomita 12 aja avereji yatuluka 4:28. Sizikulonjeza maola atatu, komanso sizikukana.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Ndawayankha achemwali, patatha masabata awiri. Ndinajambula mawu kanayi n'kumafufuta.

Ndawauza zoona. Ulendo uno wandidyera pafupifupi £1,400 ya maovataimu a Disembala, ndipo palibe ndi 1 tambala yomwe yochokera kwa opereka. Akunena zoona kuti ndikanaponya ndalama imeneyo pa tsamba, bwenzi ngongole yanga itatsala pang'ono. Ku Kenya sindinadzere amayi, kapena amayi a ku Malawi. Ndadzera ine mwini, bambo wa zaka 39 amene akufuna kuona 2:59 pafupi ndi dzina lake asanakalambe. Bungwe lija likanakondwa chimodzimodzi ndikanamaliza pa maola asanu nditavala ngati nthochi, monga amachitira ena ku London.

Koma ndawauzanso kuti abwana anga a kuwodi, aneba anga achizungu, ndi mayi woyeretsa uja sakanapereka kanthu ndikanangowagogodera kuti kwathu kuli khansa. Akupereka chifukwa akundiona ndikudzizunza, ndipo akufuna kudziwa ngati nditakwanitse. Mpikisano wa ku London wokhawu, chiyambireni mu 1981, wasonkhetsa ndalama zoposa £1 biliyoni mwa njira yomweyi. Kaya zimenezi zikundiyeretsa kaya ayi, ndawasiyira okha aweruze.

Nsapato zimene ndinabwera nazo zatsopano zija ndamusiyira mnyamata wanga. Tapezeka kuti timavala saizi imodzi. Mayi ophika aja andipatsa ndalama ya pepala ya 200 shillings, yopindidwa kanayi, akuti ya harambee, ndipo andilamula kuti dzina lawo likatchulidwe mokweza m'holo muja. Ndinafuna kukana. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira achemwali, ndinalandira ndi manja awiri.

Lolemba, 17 Febuluwale, pa bwalo la ndege ku Eldoret

Tsamba lili pa £1,210. Patsala £1,290 ndi masiku 69. Lachitatu usiku ndili pa shifiti.

Yankho la ku Dedza lafika ndili pamzere wopereka chikwama. Kumbuyo kwa mawuwo kukumveka tambala ndi wailesi. “Ndamva zonse. Misala yako ndi yomweyo, sunasinthe. Ndalama ine ndilibe yokupatsa, feteleza wandimaliza. Koma za vinigazo bwanji sunandiuzepo chikhalire namwino? Lachinayi ndipita kuchipatala akandione, ndatenganso anzanga awiri a kumvano. Ndiye nsapato zakale zija usataye, mphwako akuvala saizi 8 tsopano.”